"If I had known" kapena "If I would have known"? Tithandizeni mayeso asanafike

Wa Fomu 4 ku Mchinji:
Moni nonse akuluakulu a pagulu pano. Ndine wophunzira wa Fomu 4 ndipo chaka chino ndikulemba MSCE. Pagulu lathu lowerengera limodzi takangana mpaka kubalalika osagwirizana, ndiye ndati ndifunse kuno kumene kuli aphunzitsi. Nkhani yake ndi ya ziganizo za if. Mnzathu wina analemba pa chimangirizo kuti "If I would have known, I would not have come" ndipo aphunzitsi anadula ndi bolopeni yofiira. Iye akulimbikira kuti sanalakwe chifukwa amamva anthu a ku America akulankhula choncho pa YouTube. Enafe tikuona kuti walakwa, koma chifukwa chake sitikutha kuchifotokoza. Tebulo lija la mitundu ya ziganizo za if, type 1, type 2, type 3, tinaloweza, koma funso likangosintha pang'ono timasokonezeka. Mwachitsanzo pa pepala lokonzekera mayeso panali funso ili: "Had she left earlier, she ______ the bus." Mulibemo if ngakhale mmodzi. Tiyankhe bwanji? Chonde tithandizeni, Chingerezi ukalephera satifiketi palibe.

Madamu a Chingerezi ku Zomba:
Mwana wanga, wafunsa bwino. Mnzakoyo musamuseke, chifukwa chimene chamugwetsacho chimagwetsa pafupifupi aliyense amene anayamwa Chichewa. Ndiyambe ndi mayankho. Pa mayeso chiganizo cholondola ndi "If I had known, I would not have come." Pa funso lachiwirilo lembani "would have caught".

Tsopano chifukwa chake. Kumbukira mwambi uja amanena akuluakulu munthu akamanong'oneza bondo: "Ndikadadziwa ndikadaphika therere." Taona, -kada- ali mbali zonse ziwiri, kunthambi yoyamba ndi kunthambi yachiwiri. Chichewa chathu chimayenda choncho ndipo palibe cholakwika. Ndiye mwana akaphunzira kuti "ndikadaphika" ndi "I would have cooked", mutu umamuuza wokha kuti "ndikadadziwa" ndi "I would have known". Amangoikapo if kutsogolo, n'kuona ngati wamaliza. Sikuti ndi ulesi kapena umbuli ayi, mwanayo akutsatira lamulo lenileni, kungoti ndi lamulo la chiyankhulo china.

Chingerezi chimagawa ntchitoyi pawiri. Nthambi imene ili ndi if imatenga had ndi past participle (mneni wonga known mu "had known"). Nthambi inayo ndiyo imatenga would have. Ndiye mwambi uja ukhala "If I had known, I would have cooked okra." Ana anga m'kalasi ndimawauza kuti would asakhale moyandikana ndi if. Lamuloli lili ndi malo ochepa pomwe siligwira, koma poyambira ndi pamenepa.

Za ku America mnzako sakunama. Alipo ambiri kumeneko amene polankhula amati "if I would have known". Koma iwo omwe akamalemba kalata ya ntchito kapena nkhani ya m'nyuzipepala amabwerera ku "if I had known", ndipo wochonga mayeso a MANEB adzadula.

Mnyanja wa ku Chipata:
Zikomo Madamu. Ndiwonjezereko pa funso la "Had she left earlier". Kuno ku Zambia pa mayeso a Grade 12 timakhala ndi gawo lolembanso ziganizo, amakupatsa chiganizo n'kukuuza mawu oyambira. "Begin: Had" ndi "Begin: Unless" sizisowa pa mapepala okonzekera. Chinsinsi chake n'chakuti if amachotsedwa ndipo mneni wothandizira amadumphira kutsogolo. "If she had left" amasanduka "Had she left". Tanthauzo silisintha, nthambi inayo sisinthanso. Aneni amene amachita zimenezi ndi atatu basi: had, were ndi should. "Were I the headteacher, I would open the library on Saturdays." "Should you see him, tell him to call me."

Pokana m'pamene ambiri amataya malikisi. Sitilemba "Hadn't she left". Timalemba "Had she not left". Not amabwera pambuyo pa mwininkhani ndipo safupikitsidwa.

Wa Fomu 4 ku Mchinji:
Zikomo kwambiri Madamu ndi achimwene a ku Chipata. Za therere zija zalowa bwino, ndikawauza anzanga. Koma Madamu, pali pena pomwe sindikumvetsabe. Kodi "Ndikanakhala ndi ndalama ndikanakupatsa" ndi type 2 kapena type 3? Ine ndimaona ngati zonse n'zotheka.

Madamu a Chingerezi ku Zomba:
Ndipo n'zothekadi zonse ziwiri, waona bwino. Apa m'pamene pagona nkhani yonse, ndiye undilole nditalikitse pang'ono.

Tiyerekeze mnzako wakupeza pa golosale lero lino, akukupempha ndalama ya sopo, iwe m'thumba mulibe kanthu. Umuuza kuti "Ndikanakhala ndi ndalama ndikanakupatsa." Ukunena za pompano. Tiyerekezenso kuti anakupempha mwezi watha, lero akukukumbutsa modandaula. Umuyankha ndi mawu omwewo, osasintha ngakhale chilembo chimodzi. M'Chichewa nthawi timaimva kuchokera pa nkhani imene tikukambirana, kapena timaonjezera "pano", "dzulo", "tsiku lija". Chingerezi sichilola zimenezo, nthawiyo iyenera kuoneka pa mneni.

Za lero: "If I had money, I would give you some."
Za mwezi watha: "If I had had money, I would have given you some."

Inde, had awiri motsatizana, ndipo n'zolondola. Woyamba ndi wothandizira, wachiwiri ndi mneni weniweni wa kukhala ndi chinthu.

Chimene chimasokoneza ana ambiri n'chakuti mu "If I had money" mneni akuoneka wa nthawi yakale pomwe nkhani ndi ya lero. Mvetsa ichi: Chingerezi chikafuna kuonetsa kuti chinthu ndi chongoyerekeza, chimabweza mneni sitepe imodzi m'mbuyo. Zongoyerekeza za lero kapena za mawa zimatenga past simple. Zongoyerekeza za dzulo, poti zili kale m'mbuyo, zimabwereranso sitepe ina n'kufika pa past perfect, had ndi past participle uja. Past ameneyu sakunena za nthawi, akunena kuti "izi si zenizeni".

Ndiye usanayang'ane tebulo, dzifunse mafunso awiri. Loyamba, kodi wolankhulayo akuona chinthucho ngati chotheka ndithu, kapena akungoyerekeza? Lachiwiri, akunena za liti? Ukayankha awiriwa, mneni amabwera yekha.

Tenga mlimi wa fodya kwanu ku Mchinji. Fodya ali m'shedi, msika watsala pang'ono kutsegulidwa, iye akuti "Mitengo ikakhala bwino ndigula malata." Akuyembekezera ndithu, iyi ndi type 1: "If the prices are good, I will buy iron sheets." Mnzake amene alibe ngakhale munda akuti "Nditakhala ndi munda waukulu ndingalime soya." Uyu akulota, iyi ndi type 2: "If I had a big field, I would grow soya." Wachitatu msika watsekedwa, iye akudandaula kuti "Ndikanathira feteleza msanga ndikanakolola zambiri": "If I had applied fertiliser early, I would have harvested more." Iyi ndi type 3. Waona kuti Chichewa chili nazo njira zake, -ka-, -ta- ndi -kana-. Sitikuphunzira kuganiza kwatsopano ayi, timaganiza kale choncho tsiku ndi tsiku.

Mphunzitsi wopuma ku Ntcheu:
Madamu mwafotokoza mogwira mtima. Ine ndinagwira choko zaka zambiri ndisanapume, ndipo ndikupempha kuti musaiwale kuwauza anawa za were. Masiku ano ndikumva ngakhale owerenga nkhani akuti "if I was you". Ife tinaphunzitsidwa kuti pa zongoyerekeza mneni be amakhala were kwa aliyense: "If I were you", "If he were here", "If it were possible". Imeneyi ndi subjunctive, ndipo ndi imene imasiyanitsa munthu wophunzira bwino ndi wongotola Chingerezi m'misewu. Mwana akalemba "if I was" ine ndinkadula osaganiza kawiri.

Namwino ku Leeds:
Bambo a ku Ntcheu, ndi ulemu wonse, pamenepo ndisiyana nanu pang'ono. Ine ndimagwira ntchito m'chipatala kuno ku England, ndipo tsiku lililonse ndimamva eni chiyankhulo, madokotala omwe, akunena kuti "if I was younger", "if it was up to me". Palibe amene amawaona ngati osaphunzira. Mawu oti "if I were you" okhawo ndi amene ambiri amawasungabe chonchi polangiza munthu, ngakhale aponso ena amati was. Ndikuopa kuti tikawauza ana kuti was ndi Chingerezi cha m'misewu, adzadabwa akadzamva aphunzitsi a ku yunivesite akulankhula choncho, kenako adzayamba kukayikira zonse zimene tinawaphunzitsa.

Mphunzitsi wopuma ku Ntcheu:
Mwana wanga, ndakumva, ndipo sindikutsutsa zimene makutu ako akumva kumeneko. Koma mwanayu sakupita ku wodi, akupita m'chipinda cha mayeso. Pakakhala mayankho anayi, was ndi were onse alipo, asankhe chiyani?

Namwino ku Leeds:
Pamenepo asankhe were, Bambo, sindikukana. Inenso polemba IELTS, mayeso a Chingerezi a ofuna kugwira ntchito kapena kuphunzira kunja, ndinalemba were. Chimene ndikupempha n'chakuti tiwauze zoona zonse: were ndi wa polemba ndi pa mayeso, was amamveka polankhula ndipo si tchimo.

Madamu a Chingerezi ku Zomba:
Nonse awiri mukunena zoona, ndipo kwa wa Fomu 4 uja yankho ndi were. Koma pali malo awiri pomwe kusankha kulibe. Mukachotsa if n'kuyamba ndi mneni, ndi were yekha: "Were he here", osati "Was he here", chifukwa limenelo lasanduka funso. Malo achiwiri ndi otembenuza: pamene nkhani ndi yeniyeni ya m'mbuyo, was ndiye wolondola ndipo were ndi wolakwika. "If he was at the meeting yesterday, he heard the announcement." Apa sitikuyerekeza, sitikudziwa chabe ngati analipo kapena ayi. Ndaonapo ana olimbikira kwambiri akulemba were pamalo ngati amenewa poganiza kuti if aliyense amafuna were.

Wa chaka chachitatu ku Chancellor:
Madamu mwakhudza chinthu chimene chimandipweteka mtima. Tebulo la type 0, 1, 2, 3 lija ndi lothandiza poyamba, koma limawapatsa ana chithunzi choti ziganizo za if zilipo zinayi zokha pa dziko lapansi. Tengani nyuzipepala iliyonse ya Chingerezi, The Nation kapena The Daily Times, muyang'ane ziganizo za if. Zambiri sizikwana m'mabokosi anayiwo.

Chitsanzo: "If the bus left Lilongwe at six, it has passed Kasungu by now." Mwana woloweza tebulo akaona left athamangira kuika would, poti anauzidwa kuti past simple amayenda ndi would. Koma apa palibe kuyerekeza. M'Chichewa tinganene kuti "Ngati basi inanyamuka ku Lilongwe 6 koloko, ndiye kuti pano yadutsa pa Kasungu." Taonani, tagwiritsa ntchito "ngati" ndi "ndiye kuti", osati -kana-. Ine muyezo wanga ndi umenewu: chiganizo chikamveka bwino ndi "ngati ... ndiye kuti", aneni a Chingerezi amasunga nthawi zawo zenizeni, sabwerera m'mbuyo ndipo would safunika.

Chinanso ndi chizolowezi cha kale. "Tili ana, mvula ikagwa tinkasewera m'matope." "When we were children, if it rained, we played in the mud." Past mbali zonse ziwiri. Ndi type chani imeneyo? M'tebulo mulibe, koma ndi Chingerezi chabwinobwino.

Madamu a Chingerezi ku Zomba:
Ndikugwirizana nawe pa zambiri, mng'ono wanga, koma tebulo usalitaye. M'kalasi mwa ana ochuluka, buku limodzi ogawana angapo, mphunzitsi amafuna pogwira. Mafunso ambiri a galamala pa mayeso amachokeradi m'mitundu inayi ija. Chimene ndimadana nacho ndi kuphunzitsa tebulo lopanda tanthauzo, ana n'kumaimba "if plus past perfect, would have plus past participle" ngati nyimbo ya pa asembule, osadziwa kuti akunena za kunong'oneza bondo. Tanthauzo liyambe, tebulo libwere pambuyo ngati chokumbutsa.

Poti watchula type 0, ndinenepo mwachidule kwa ana athu. Imeneyi ndi ya zinthu zimene zimachitika nthawi zonse, ndipo miyambi yathu yadzaza nayo: "Mutu ukakula sulewa nkhonya." Chingerezi chimaika present simple mbali zonse: "If you heat ice, it melts." Pamenepa simuvuta.

Kalaliki ku Capital Hill:
Ine funso langa ndi la ku ofesi. Madamu mwati would asayandikane ndi if. Koma makalata amene timalemba ndi kulandira tsiku lililonse amati "I would be grateful if you would consider my application." Kodi tonsefe takhala tikulakwitsa?

Madamu a Chingerezi ku Zomba:
Ayi achimwene, simukulakwitsa. Awa ndi ena mwa malo aja ndinati lamulo siligwira. Would ameneyo si wa kuyerekeza, ndi wa ulemu, akutanthauza "ngati mungalole", "ngati mungakonde". Chimodzimodzi "if you could send me the file". Will nayenso amatha kubwera pambuyo pa if akamatanthauza kufuna kapena kulola kwa munthu: "If you will wait here, I will call the manager." Muyezo wake ndi wosavuta. Mvula ilibe chifuniro, ndiye "If it will rain tomorrow, we will plant" ndi cholakwika, timati "If it rains tomorrow". Munthu amene mukumupempha ali nacho chifuniro.

Malo ena ndi pamene if sakuika lamulo koma akufunsa. "I don't know if he will come." Uyu ndi if wa "kaya abwera kaya sabwera", ndipo mukhoza kuikapo whether. Pamenepo will ndi womasuka.

Kalaliki ku Capital Hill:
Zikomo Madamu, mtima wakhala pansi. Ndiwonjezere kwa achinyamata amene akufunsira ntchito: "Should you require further information, please contact me" ndi chiganizo chabwino chotsekera kalata, ndipo pambuyo pa should mneni satenga -s. Timalandira makalata olembedwa "Should he fails" kapena "Should the office needs", ndipo bwana akangoona zimenezo nkhope imasintha. Ndi "Should he fail", "Should the office need".

Mayi wa geni ku Joni:
Pepani ndalowerera nkhani ya ophunzira. Ine sukulu ndinalekeza Fomu 2 koma kuno ku Johannesburg Chingerezi ndiye chakudya, ukapanda kulankhula sugulitsa. Mwininyumba wandilembera uthenga woti "Unless you pay by Friday, I will lock the room." Ndamva kuti akuopseza, koma unless ameneyu amandizunguza. Ndikafuna kumuyankha kuti sindilipira pokhapokha akonze mpope wa madzi, ndilembe bwanji kuti ndisanene zotembenuza?

Mnyanja wa ku Chipata:
Amayi, lembani kuti "I will not pay unless you fix the tap." Unless ndi "pokhapokha" wathu yemweyo, ndipo mwaona kuti Chichewa chanu mwachiyala kale mofanana ndi Chingerezi. Chofunika kusamala n'chakuti unless ali kale ndi "ayi" m'kati mwake, amatanthauza "if not". Mukalemba "unless you don't fix the tap" mwakana kawiri, ndipo mwamuuza kuti mulipira akapanda kukonza. Musaikenso if pambuyo pake, "unless if" timamva kwambiri kwathu kuno koma polemba siyoyenera. Komanso ndikupempheni, musanakane kulipira muyambe mwaona zimene munagwirizana polowa m'nyumbamo, kuti chiganizo cholondola chisakutsekereni panja.

Mayi wa geni ku Joni:
Zikomo achimwene, ndamva zonse ziwiri. Ndiyamba ndamupempha mwaulemu.

Mphunzitsi wopuma ku Ntcheu:
Poti mwatchula unless, pali kalankhulidwe kena kathu kamene ndikufuna anawa akadziwe. Timakonda kunena kuti "I will come on Monday unless otherwise", n'kuima pomwepo. Tonse kuno timamvana, koma polemba chiganizocho ndi chosamaliza. Chimafuna mneni: "unless otherwise stated", "unless otherwise agreed", kapena mungonena kuti "unless something happens". Pa chimangirizo musalembe "unless otherwise" yekha.

Wa chaka chachitatu ku Chancellor:
Ndipo si "if not" aliyense amene angasanduke unless. "I will be surprised if he doesn't pass" simungalembe "I will be surprised unless he passes." Yesani m'Chichewa mumve: "Ndidabwa akapanda kukhoza" zikumveka, koma "Ndidabwa pokhapokha akhoze" zikumveka zachilendo. Pamene kusachitika kwa chinthuko ndiko kukubweretsa kudabwa kapena kukhumudwa, khalani pa if.

Namwino ku Leeds:
Ndibwererenso ndi china chimene kwa ife anamwino si nkhani ya malikisi chabe. -ka- wathu amanyamula zinthu ziwiri zimene Chingerezi chimazilekanitsa. "Ukafika undiimbire" ndi "Ukadwala undiimbire" zimamangidwa mofanana. Koma kufika tikudziwa kuti afika, kudwala sitikudziwa. Choyamba ndi when, chachiwiri ndi if. Tangoganizani kuuza wodwala amene akupita ku opaleshoni kuti "If you wake up, I will be here." Mwamuuza kuti mwina sadzuka. Muyenera kunena kuti "When you wake up". Kwinaku, mukamupatsa mankhwala n'kunena kuti "When you get a rash, stop taking them", mwamuuza kuti zidzolo zibwera ndithu, pomwe mumafuna kunena "If you get a rash". Achibale a wodwala amamva kusiyanaku msangamsanga.

Onse awiri, if ndi when, salola will pambuyo pawo pa nkhani za m'tsogolo. "When the doctor comes", osati "when the doctor will come".

Chinanso ndi in case. Ambiri timamuyesa m'bale wa if koma si choncho. "Take an umbrella if it rains" ndiye kuti udikire, mvula ikayamba utenge. "Take an umbrella in case it rains" ndiye kuti tenga pompano, mwina n'kugwa uli m'njira. In case ndi kukonzekeratu.

Kwa anzanga amene mukukonzekera kubwera kuno: bungwe la anamwino la NMC limafuna 7 pa IELTS m'kuwerenga, kumvetsera ndi kulankhula, ndi 6.5 m'kulemba. Mwa zinthu zinayi zimene ochonga amayang'ana pa kulemba ndi kulankhula, chimodzi ndi kuchuluka kwa mitundu ya ziganizo zimene ukutha kugwiritsa ntchito komanso kulondola kwake. Pa gawo lolankhula amakonda kufunsa zongoyerekeza, za chimene ungasinthe kwanu utapatsidwa mpata. Ukayankha ndi will kuyambira poyamba mpaka pomaliza, waonetsa kuti type 2 sunaigwire.

Wa Fomu 4 ku Mchinji:
Asisi a ku Leeds, chitsanzo cha opaleshoni chija sindidzaiwala. Ndayesa kupanga ziganizo zanga, chonde mundichongere:
1. If my father had not sold the bicycle, I would not be walking to school now.
2. If I will pass with good points, I will apply to LUANAR.
3. Even though it rains tomorrow, we will write the test.
4. If I'd studied harder in Form 3, I would of understood this topic.
Choyambacho ndikukayika, chifukwa ndasakaniza type 3 ndi type 2, koma ndi mmene ndikumvera m'mutu.

Madamu a Chingerezi ku Zomba:
Chimene ukukayikacho ndiye chabwino kuposa zonse, ndipo chandisangalatsa kwambiri. Njinga inagulitsidwa kale, kuyenda pansi kukuchitika lero. Wayankha funso la "liti?" pa nthambi iliyonse payokha, ndipo mneni aliyense wakhala pamalo pake. Mabuku amaitcha mixed conditional. M'Chichewa timainena ndi "bwenzi": "Bambo akanapanda kugulitsa njinga, bwenzi pano ndikupalasa popita kusukulu." Ukamva "bwenzi pano" m'mutu mwako, dziwa kuti nthambi yachiwiri ifuna would wopanda have. Zimathekanso motembenuza, chikhalidwe cha nthawi zonse kubala zotsatira za dzulo: "If he were a careful driver, he would not have hit the goat."

Chachiwiri chotsa will woyamba: "If I pass with good points, I will apply to LUANAR." Ndipo wachita bwino kusankha type 1 osati type 2. Ukanalemba "If I passed, I would apply" bwenzi ukutiuza kuti iwe mwini sukukhulupirira kuti ukhoza.

Chachitatu, "ngakhale" wathu wakusokoneza, poti amagwira ntchito ziwiri. "Ngakhale mvula igwe mawa" ndi chinthu chosadziwika, chimafuna even if. "Ngakhale kuti mvula ikugwa" ndi chinthu chimene chikuchitikadi, chimafuna even though. Lemba "Even if it rains tomorrow, we will write the test."

Chachinayi, "would of" kulibe. Limachokera ku kamvekedwe ka would've anthu akamalankhula mothamanga, ndipo ngakhale eni chiyankhulo amalakwitsa polemba. Ndi "would have understood". Pa mayeso ndingakulangize kulemba mawu onse osafupikitsa, chifukwa 'd amaimira zinthu ziwiri. Mu "If I'd known, I'd have come", woyamba ndi had, wachiwiri ndi would. Ndikuganiza kuti kufanana kumeneku n'kumene kumalimbikitsanso ena kuika would mbali zonse.

Mphunzitsi wopuma ku Ntcheu:
Mwanayu ali ndi mutu. Ndingokumbutsa za mpatuliro, poti ochonga amauyang'ana. Nthambi ya if ikayamba, ika mpatuliro isanayambe inayo, monga wachitira pa ziganizo zako zonse. Ikabwera kumapeto, mpatuliro sufunika: "I will apply to LUANAR if I pass."

Wa Fomu 4 ku Mchinji:
Zikomo agogo, zikomo Madamu. Funso lomaliza kuchokera kwa mnzanga uja wa YouTube, wavomera tsopano. Akuti pa mayankho anayi nthawi zina would have sapezeka, pamakhala could have kapena might have. Kodi zimaloledwa?

Madamu a Chingerezi ku Zomba:
Zimaloledwa, ndipo umuuze kuti funso lake ndi labwino. Nthambi ya if sisintha, chimasintha ndi kutsimikiza kwa wolankhulayo. "If she had left earlier, she would have caught the bus" akutsimikiza kuti akanaipeza. "She could have caught the bus" akuti mpata woipeza ukanakhalapo. "She might have caught the bus" akuti mwina akanaipeza, mwinanso ayi. Chimodzimodzi pa type 1, m'malo mwa will mukhoza kupeza can, may, must, should, ngakhale lamulo lachindunji: "If you finish early, check your answers." Mukaona mayankho anayi, yambani mwataya amene nthawi yake sikugwirizana ndi nthambi ya if. Pa funso la had ndi past participle lopanda mawu ngati now kapena today, yankho lopanda have litayeni. Kawirikawiri patsala limodzi.

Mnyanja wa ku Chipata:
Ndipo mukakumana ndi provided that, as long as kapena on condition that, zitengeni ngati if wa "bola", aneni ake amayenda chimodzimodzi: "You can borrow my book as long as you return it on Monday." But for ndiye amatsatidwa ndi dzina, osati nthambi: "But for the rain, we would have finished the match", kutanthauza "pakanapanda mvula". Loweruka ndiika pano ziganizo khumi zoti mulembenso poyamba ndi Had, Unless ndi But for, mubwere ndi anzanu a pagulu lowerengera aja mudzayese.